Msilikali, nsima yausiku ndi tulo: mafunso amene mumandifunsa kuno ku chigwa

Chipumireni ntchito ya usilikali ndimakhala chakuno ku Nchalo, ndikulima kachitowe kanga komanso kuyang'anira anyamata angapo olondera usiku. Nde asilikali akabwera pa livi, ena akwathu ku Ngabu ena aku Bangula mpaka ku Marka uko, amandipeza pansi pa mtengo wa nimu nkumandifunsa zomwezomwezo, kuti akulu tulo tikundivuta, kodi ndi chani. Ndikawafunsa kuti dzulo unadya chani komanso nthawi yanji, yankho limakhala lili pomwepo kale. Ndangoti ndilembe kamodzi, aliyense adziwerengera yekha.

Akulu, chakudya ndi tulo zikukhudzana pati? Si kutopa basi kumene kumagonetsa munthu?

Kutopa kumagonetsadi, amene anadutsa ku Salima pa maphunziro akudziwa kuti munthu amatha kusinza ali chiimire, mfuti ili paphewa. Koma kukomoka ndi kutopa ndi kwina, kugona tulo topumitsa thupi ndi kwinanso. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo, ndipo izi sikuti ndi za anthu wamba okha ayi, asilikali aku America anachita kuzilemba m'buku lawo la FM 7-22 la 2020, kuika tulo pamodzi ndi zakudya ndi mafizo ngati mbali ya kukonzekera nkhondo.

Chimene anyamata ambiri sadziwa nchakuti nkhaniyi imayenda uku ndi uku. Ukadya molakwika usiku tulo timasokonekera, ndipo ukagona pang'ono mawa lake njala imakula. M'thupi muli timadzi tiwiri, ghrelin amene amakuuza kuti uli ndi njala ndi leptin amene amakuuza kuti wakhuta, nde ukachezera woyambayo amakwera winayo nkutsika. Ndi chifukwa chake ukaweruka gadi yausiku mtima suthamangira kuphala la mgaiwa, umafuna mandasi, chipisi cha pachiwaya ndi chakumwa cha shuga. Kenako usiku wotsatira mimba ili ndwii, tulo tavutanso, zimangozungulira choncho mpaka yunifolomu kuyamba kuthina.

Tiyi weniweniyu angandilande tulo? Si khofi yekha amene amatero?

Tiyi nayenso ali ndi kafeini. Kapu imodzi ya tiyi wamba imakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 40 mpaka 50, khofi pafupifupi 80 mpaka 100. Koma zimenezo ndi za tiyi wa pakhomo uja, woviika masamba kamphindi nkutsanula. Tiyi wa pageti ndi nkhani ina. Ketulo imakhazikidwa pambaula 8 koloko usiku, masamba osatayidwa, aliyense wobwera akungoonjezera madzi ndi masamba ena pamwamba, pofika 3 koloko tiyi uja wada ngati oilo wa injini, wowawa moti shuga amachita kulowa masipuni anayi kuti amweke. Munthu wamwa makapu asanu a ameneyo kenako 7 koloko m'mawa akudabwa kuti bwanji maso ali gwa pomwe thupi latheratu.

Mmene zimayendera ndi motere. Ukakhala maso nthawi yaitali muubongo mumachuluka kanthu kotchedwa adenosine, ndi kamene kamakulemeretsa zikope. Kafeini sachotsa kanthuko, amangotseka pakhomo kuti ubongo usamve, ngongole ya tulo ili pomwepo ikudikira. Ndipo amachedwa kutuluka m'thupi, pamatenga maola pafupifupi 5 kuti theka lokha lichoke. Theka lokha, osati yense.

Nde lamulo langa kwa anyamata ndi limodzi: werenga chobwerera maola 6 kuchokera nthawi imene ukufuna kugona, pamenepo ndi pamene kapu yomaliza ithere. Ukugona 10 koloko usiku, tiyi womaliza 4 koloko madzulo. Ukuweruka 6 koloko m'mawa kuti ukagone cha m'ma 7, tiyi womaliza 1 koloko usiku, ikakwana 3 koloko umwe madzi basi.

Nanga ma enaje, zakumwa zopatsa mphamvu zamuchitinizi?

Apa nde pondipweteka mtima, chifukwa masiku ano mwana wazaka 22 akumwa zitini zitatu patsiku ngati thobwa. Tembenuzani chitinicho muwerenge kumbuyo, zambiri zimakhala ndi kafeini mamiligalamu 30 kapena 32 pa 100 ml iliyonse, kutanthauza kuti chitini chachikulu cha 500 ml chili ndi pafupifupi 150 mpaka 160. Mlingo umene akatswiri amati munthu wamkulu wathanzi asapitirire ndi 400 patsiku, nde zitini zitatu mwadutsa kale, tiyi wam'mawa sitinamuwerengere. Mukamwa chimodzi 4 koloko madzulo, pofika 9 koloko usiku m'magazi mwatsala pafupifupi 80, chimodzimodzi munthu amene wamwa kapu ya khofi atakhala kale pabedi.

Asilikali aku America anazifufuza okha izi ku Afghanistan mu 2010. Anapeza kuti pafupifupi 45 mwa 100 aliwonse ankamwa enaje tsiku ndi tsiku, ndipo pafupifupi 14 mwa 100 ankamwa zitatu kapena kuposa. Pakati pa omwa zitatuwo ndi pamene panachuluka ogona maola 4 kapena osakwana, komanso ndi omwewo amene ankasinza kwambiri pa gadi. Taonani, chinthu chogulira kuti usasinze nkumakusinzitsa pa dyute.

Sindikuti kafeini ndi mdani ayi. Ankhondo omwewo ali ndi chingamu chawo cha kafeini, mamiligalamu 100 kamodzi, chimene amatafuna pa opaleshoni ikavuta. Kusiyana kwake nkwakuti amamwa mwa mlingo komanso pa nthawi yake, ngati mankhwala, osati kuthetsera ludzu pa dzuwa la pa Dyeratu.

Koma ine ndimamwa khofi usiku nkugona bwinobwino, ndiye mukuti chani?

Matupi amasiyanadi, ena kafeini amatuluka msanga. Koma kugona msanga sikutanthauza kuti mwagona tulo tofa nato, kafeini amachepetsa tulo takuya tija ngakhale maso atsekeke. Yesani sabata imodzi osamwa madzulo muone mmene muzidzukira. Masiku awiri oyamba mutu ukhoza kuwawa, musadabwe.

Nsima yausiku ndiisiye? Chifukwa ine osadya nsima ndimaona ngati ndagona ndi njala

Musaisiye, ndani angauze munthu wa ku chigwa kuti asiye nsima. Vuto si nsima, vuto ndi mitanda isanu 10 koloko usiku, ndi nyama ya mbuzi yamafuta, kambuzi pamwamba, kusamba m'manja kenako thasa pamphasa. Chakudya chamafuta chimachedwa kuchoka m'mimba, nde ukagona chagada asidi wa m'mimba amakwera kukhosi, ndi chilungulira chija chimakudzutsa 1 koloko pamtima pakutentha ngati wameza khala. Komanso thupi likamagaya chakudya chambiri limatentha, pomwe kuti tulo tibwere thupi limafunika lizizireko pang'ono. Ku Dedza mwina sangazimve, koma kuno mu October khoma la nyumba likadali lotentha mpaka pakati pausiku, ukaonjezerapo moto wa m'mimba nde wadziphika wekha.

Siyani maola awiri kapena atatu pakati pa mgonero ndi kugona. Nkhomaliro ndi imene ikhale yamphamvu, usiku mitanda iwiri ndi ndiwo zopepuka, makakana owamba, therere, nkhwani wotendera, nandolo. Nsima ya mapira kapena ya mgaiwa imakhalitsa m'mimba kusiyana ndi ya ufa woyera, sukudzuka ndi njala m'bandakucha. Amene chilungulira chimawavuta kawirikawiri agonere kumanzere, mmene mimba inakhalira asidi savuta kukwera ukagonera kumanja, ndipo kumutu kwa bedi muikeko njerwa kukwereko pang'ono.

Ndiye bola kugona osadya?

Ayi, njala nayo imadzutsa. Ngati mwafika mochedwa idyani kochepa, mbatata yophika, nthochi, kaphala, mtedza wodzadza dzanja. Mkutewo mudya mawa, suthawa.

Sabata ino ndili pa gadi yausiku, ndizidya bwanji?

Thupi lili ndi wotchi yake, imayendera dzuwa komanso nthawi imene umadya. Usiku mimba imagwira ntchito mwaulesi ndipo thupi silisamala bwino shuga ngati masana, nde chakudya chomwecho ukachidya 2 koloko usiku chimakulemera kusiyana ndi 2 koloko masana. Ichi ndi china mwa zifukwa zimene anthu okhalitsa pa mashifiti ausiku amapezeka kwambiri ndi kunenepa komanso matenda a shuga.

Mmene ndinkachitira ine, komanso mmene ndimawauzira alonda anga: chakudya chenicheni idya usanalowe, cha m'ma 5 kapena 6 koloko madzulo, ukhute bwinobwino. Pakati pausiku kanthu kochepa, dzira lophika, mtedza, chimanga chootcha, masawu kapena malambe ikakhala nyengo yake. Nthawi yoopsa ndi kuyambira 3 mpaka 5 koloko, pamenepo thupi limakhala latsikiratu, ndipo amene wadya nsima yambiri 1 koloko ndi amene mumamupeza atatsamira khoma pakamwa pali yasa. Zotsekemera nazo zimanamiza, mphamvu imabwera kamphindi kenako nkukugwetsa. Nthawi imeneyo imirira, yendayenda, samba kumaso.

Ukaweruka m'mawa usapite kukagona m'mimba muli gwaa, udzuka 10 koloko ndi njala, koma usadyenso ngati uli pa ukwati. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi lokwanira. Tiyi ayi, ngakhale akunyumba atakhala kuti awiritsa kale, apepeseni.

Kabotolo kamodzi kamandigonetsa msanga, cholakwika nchani?

Kamagonetsadi msanga, pamenepo simukunama. Koma mowa umakubwereka tulo ta kumayambiriro nkudzakulanda ta kumapeto. Ukamatha m'magazi cha m'ma 2 kapena 3 koloko umadzidzimuka, thukuta kamukamu, kukhosi kwauma, chikhodzodzo chadzadza, ndipo tulo ta maloto tija timene timakonza mutu timakhala tachepa. Umafewetsanso minofu ya kukhosi nde mkonono umachita kumveka mpaka kwa aneba. Kaya ndi wa m'botolo, kaya kachasu, kaya uchema wa kumadimba uko, zonse ndi chimodzimodzi. Choopsa nchakuti thupi limazolowera, kamodzi kaja kamasanduka tiwiri, pakutha pa chaka munthu sangagone popanda mowa. Ndaona anzanga abwinobwino, anyamata oti pa pereti ankawala, akuthera mmenemu, ndipo onse ankayamba ndi mawu omwewa akuti kamandigonetsa.

Kutentha kwa kunoku ndimamwa madzi ambiri usiku nde ndimangodzuka kukataya madzi. Nditani?

Ku Ngabu ndi ku Nsanje mu October ndi November kutentha kumadutsa madigiri 40, munthu wovala yunifolomu ndi jombo thukuta limachita kuyenderera mpaka m'masokosi. Cholakwika chimene ambiri timachita nchakuti masana timaiwala kumwa, kenako madzulo nkukhuthula jagi yonse kamodzi. Yambani m'mawa, pang'onopang'ono tsiku lonse, botolo lisachoke m'chiuno. Muziona mkodzo, ukakhala wachikasu kwambiri ngati tiyi ndiye kuti madzi achepa, ukhale woyererako. Ola lomaliza musanagone kungonyowetsa kukhosi basi. Tsiku loti mwatuluka thukuta kwambiri Thanzi ORS amathandiza kubwezeretsa mchere, miyendo isamakokane usiku.

Koma ngati mukudzuka katatu kanayi usiku uliwonse, ludzu losatha, thupi likutsika popanda chifukwa, kayezetseni shuga, musanamizire dzuwa.

Zonsezi ndi zabwino pa kampu, nanga pa opaleshoni pomwe umadya chimene chapezeka?

Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, pa opaleshoni palibe za maola 7. Madzi osefukira a January 2015 aja, Makhanga atazunguliridwa ndi madzi, amene tinali m'mabwato tikudziwa. Unkadzuka kusanache, tsiku lonse kunyamula agogo ndi ana kuwachotsa pa zulu ndi m'mitengo, chakudya chake mabisiketi onyowa ndi nsomba ya m'chitini yotsegula ndi mpeni, kudya chiimire dzanja lina litagwira chingwe. Ndimakumbuka usiku wina mnzanga anagona atakhala pa thumba la ufa, supuni ili m'manja, chitini chili pabondo osatayika. Anyamata amene anagwira ntchito nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 anandiuza zofanana.

Pamenepo zimene ungathe ndi zochepa koma zilipo. Ukadziwa kuti ntchito yolemetsa ikubwera, masiku angapo isanafike gona mokwanira kuposa nthawi zonse, zimathandiza kupirira. Mpata ukapezeka wa mphindi 20 gona pomwepo, usautayire pa foni. Pali kanjira kena, kumwa tiyi kapena khofi kenako nkugona nthawi yomweyo mphindi 20, chifukwa kafeini amatenga pafupifupi nthawi yomweyo kuti ayambe kugwira, umadzuka uli bho. Idya pang'ono pafupipafupi m'malo modikira kudzakhuta kamodzi usiku.

Ndipo inu akuluakulu amene mumagawa ntchito, munthu amene wakhala maso maola 24 mutu wake umagwira ntchito ngati wa munthu woledzera, izi zinayezedwa. Ameneyo musamupatse chiwongolero kutsika naye zikhotakhota za ku Thabwa, olo atamwa enaje zingati.

Bambo a kunyumba kwanga ndi msilikali, chinenepereni akuliza mkonono koopsa mpaka nthawi zina amasiya kupuma. Ndi chakudya?

Mayi, mwachita bwino kufunsa chifukwa eni ake sadzimva. Mkonono wamba ulipo, koma uwu woti munthu akuliza kenako zii kwa kanthawi, kenako nkudzidzimuka ngati watsamwa, ndi matenda, achipatala amati sleep apnea. Njira ya mpweya kukhosi imatsekeka, munthu amadzuka kambirimbiri usiku osadziwa, m'mawa mutu ukuwawa, masana akusinza paliponse ngakhale kutchalitchi. Kunenepa makamaka khosi ndi mimba kumakulitsa vutoli, mowa wausiku nawonso, ndipo limayenda limodzi ndi BP. Kuchepetsa thupi kumathandiza ndithu, nde mafuta achepe mumphika, mgonero uzipsa msanga, azigonera chammbali osati chagada. Koma apite kuchipatala, ndipo mupite nawo inuyo chifukwa ndi inu mwaona zimene zimachitika. Akakana muwajambule pa foni usiku umodzi muwaonetse m'mawa, asilikali timakhulupirira umboni.

Ndinamva kuti mkaka wotentha, nthochi kapena sangowa zimagonetsa. Zoona?

Mkaka ndi nthochi zili ndi tryptophan, kanthu kamene thupi limapangira melatonin wobweretsa tulo, koma kuchuluka kwake mu kapu imodzi ndi kochepa, sikangagonjetse zitini ziwiri za enaje. Imwani ngati mumakonda, sizilakwika. Sangowa ndi ndiwo zabwino, tizidya, koma amene akukugulitsani ufa wake ngati mankhwala a tulo akungofuna ndalama zanu.

Fodya?

Nikotini amadzutsa thupi ngati kafeini, ndipo wosuta kwambiri amadzuka m'bandakucha thupi likufuna ina. Ndudu ya pogona ija imene mumati imakhazika mtima pansi ndi imene ikukuchedwetsani.

Tili ku DRC mankhwala oteteza malungo ankandilotetsa zoopsa, zimatheka?

Zimatheka. Mefloquine amadziwika kuti kwa anthu ena amabweretsa maloto oipa, kusowa tulo ndi nkhawa, ndipo zikayamba muuzeni dokotala wa gulu lanu msanga akusinthireni, musangosiya mwakachetechete nkukhala opanda chitetezo. Doxycycline vuto lake ndi lina, ukameza ndi madzi ochepa nkugona pomwepo amaotcha kummero, nde mezani ndi kapu yodzadza, mutadya, ndipo pakhale kanthawi musanagone. Muziwerenganso mapaketi a mankhwala a mutu ogula pa okala, ena muli kafeini.

Ndasiya tiyi, ndasiya mowa, ndimadya msanga, koma chibwerereni ku mishoni tulo palibe

Mng'ono wanga, apa nde si za mumphika. Asilikali athu akhala akupita kum'mawa kwa DRC kwa zaka zambiri ndipo zimene ena anaona kumeneko sizichoka m'mutu chifukwa choti wadya therere. Ngati ukudzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, maloto omwewomwewo, kupsa mtima ndi ana popanda chifukwa, kapena tulo takuvuta masiku atatu pa sabata kwa miyezi itatu, pita ukaonane ndi achipatala, unene zonse osabisa. Thandizo lake lilipo ndipo si mapiritsi okha, palinso uphungu. Mapiritsi ogonetsa opatsidwa ndi mnzako usamwe, makamaka posakaniza ndi mowa, ena sadzuka. Ngati maganizo ofuna kudzivulaza akubwera usadikire mawa, uza munthu lero lomwe.

Ine si msilikali, ndine mlonda, ena ndi oyang'anira nyama ku Lengwe ndi ku Majete, ena mashifiti a ku nzimbe. Zikutikhudza?

Zonse, thupi silidziwa yunifolomu. Inuyo vuto lanu lalikulu ndi kugona masana m'nyumba ya malata, pofika 10 koloko chipinda chasanduka uvuni. Nde musachedwe pa msika mukaweruka, fikani, kaphala, sambani, gonani pofika 7 koloko kukadali kozizirako mupezeko maola anayi, kenako ena awiri kapena atatu chakumadzulo musanalowe, mukatha kudya nkhomaliro yopepuka. Pawindo kolekani chitenje chakuda chonyowa, chimatchinga kuwala komanso kamphepo kolowa kamazizirako. Kukatenthetsa tulutsani mphasa pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba, ana muwauze akasewerere kwa agogo awo, ndipo wobwera kudzabwereka njinga abwere 3 koloko.